Sindinadikire Ndege ya ku Igloolik

Achimwene anga a Jaykolasie,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ottawa kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Meeka ndi ana. Ife kuno ku Igloolik tilipo, kungoti nyumba ya amayi yachita zii. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Ndamva kuti mwauza abale onse kuti ndine wamisala, ati ndinataya tikiti imene munandigulira. Ee, ndinaitayadi. Imvani tsono.

Kodi kwanu kuno mwakuiwala? Kuchoka ku Pond Inlet kumene ndinakwatiwa kufika kuno, ndege itati iwongole, ndi ola limodzi ndi kanthu. Koma yowongola palibe. Umayamba watsikira kum'mwera ku Iqaluit maola atatu, ugone komweko, m'mawa mwake ukwere ina yobwereranso kumpoto. Amayi ali kuseri kwa mapiri omwewa, ine ndiyambe ndawafulatira?

Komabe ndinakumverani. Ndinakhala pabwalo la ndege masiku awiri, chikopa cha nangumi chimene amayi ankalakalaka kudya chili pamiyendo. Mtsikana wa pazenera la matikiti ankangoti mphepo yatseka ku Iqaluit, tiyesenso mawa. Mawa lake liti? Anamwino anali atandiuza kale pafoni kuti amayi matenda akula, asiya ndi tiyi yemwe.

Ndinauza bambo a kunyumba, a Lamech, kuti amange ngolo yotsetsereka kunjinga yamoto yoyenda pachipale chofewa. Anakana, ati nyengo siili bwino, komanso inu mudzawalalatira. Ndinawafunsa ngati anakwatira ine kapena inu. Ndinati akatsala ndiyendetsa ndekha, adzachite kunditola nditauma gwa. Anangopukusa mutu n'kupita kukathira mafuta.

Tinayenda masiku atatu. Panjira njinga inatitimira m'madzi a pamwamba pa ayezi, ndipo pokankha golovesi yanga inanyowa. Ndinabisa, poopa kuti a Lamech atembenuza njinga. Zala ziwiri za kumanja zinafa ndi kuzizira, ndipo achipatala andidula. Zosoka nsapato zachikopa mwina ndasiyana nazo. Zikundiwawa, ndimalira, sindikana ayi.

Koma amayi ndinawapeza ali maso, achimwene! Ndinawadulira kachidutswa ka nangumi, anangokayamwa pang'ono. Kenaka anandikalipira kuti ndafika ndi tsitsi losapesa ngati mwana wopanda make. Ndinaseka mpaka misozi.

Tinawaika m'manda Lachitatu. Ndege imene munkati ndiidikire inatera Lachinayi.

Ndiye musandiimbirenso foni kundiwerengera zolakwa. Kupepesa kwanga simudzakumva, ngakhale mutadikira mpaka nyanja itasungunuka.

Chinanso n'chakuti amayi asanatsirizike anafunsa za inu kawiri. Ndinawauza kuti muli m'njira, ndipo anagona mtima uli pansi. Kwerani ndege zanuzo, zizungulire mmene zingazungulire, mufike mudzaime pamanda awo. Musandisandutse wabodza kwa amayi anga.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Apphia