Tsabola wa Yamini

Edison, New Jersey
16 Novembala 2023

Okondedwa achimwene Phanindra,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Guntur kumeneko. Kuno kwayamba kuzizira, ndipo mawondo a mayi athu Amma ayambiranso zawo zija, koma mankhwala ndikuwapatsa. Ndalemba pamanja chifukwa pafoni mumangoti "eya, eya" maso ali pa masewera a kiriketi.

Mlongo wanu Yamini anabwera kuchokera ku Los Angeles kudzadya nafe chikondwerero cha Deepavali. Ndati mlongo wanu chifukwa sindikudziwa ngati akadali mng'ono wanga, masiku ano ndi wa aliyense. Kukachisi anthu anamuunjirira ngati nyerere pa shuga. Azakhali a Subbalakshmi, omwe aja ankanong'oneza anthu kuti mwanayu wazungulira mutu atasiya sukulu ya udokotala, ndiwo anali patsogolo. "Yamini mwanawe, ine ndinkadziwa kalekale! Tiye tijambulitse." Foni anapatsa ine. "Padmaja, tatijambula. Usatidule mitu."

Inu munali mutabwerera kale ku India, ndiye simunaone zambiri. Zaka zonse zija Yamini ankagona m'chipinda changa chapansi, kudya mpunga wanga, n'kumakanena nthabwala m'mabala a ku New York pamaso pa zidakwa zoti ungaziwerenge ndi dzanja limodzi. Amma ankauza anthu kuti amagwira ntchito ya makompyuta. Lero akulemba yekha sewero la pa kanema, akuseweranso momwemo, ndipo Amma amaonetsa chithunzi chake ngakhale kwa munthu wodzakonza mipope.

Mwaliona seweroli? Muli mayi wina wogulitsa mankhwala, woyamba kubadwa, amene amadya chiimire akudzudzula aliyense. Anthu akabwera ku famase kwanga amati, "Tanenani zija amanena mnzanu uja!" Ndipo kayendedwe ka azakhali a m'seweromo kamene anthu akufa nako n'kuseka, paja ndine ndinkakatsanzira patebulo, inu mpaka kutsamwa ndi mpunga. Yamini ankangokhala phee, kumvetsera. Sindikuti anaba ayi. Iye anapirira kunyozedwa, ine ndinasankha ntchito yoti Amma azigona tulo. Koma achimwene, nsanje ikundidya, ndanena.

Titabwerako kukachisi, Amma sanasinthe n'komwe zovala.

"Maso onse aja pa mwana wanga! Khala apa iwe. Padmaja, tsabola wouma ndi mchere, msanga."

"Amma, ndine munthu wamkulutu ine," anatero Yamini akuseka, koma anakhala.

Amma anamuzunguliza tsabola ndi mcherewo kumutu, uku ndi uku, akung'ung'udza, kenako anandipatsa kuti ndikaponye m'chiwaya chamoto. Mwambowu mukuudziwa: utsi ukakutsokomoletsani ndiye kuti panalibe kanthu, koma tsabola akapsa popanda wotsokomola, diso lansanje linalipodi. Anapsa mpaka kuda bii. Palibe anatsokomola.

"Mwaona?" anakuwa Amma. "Ndi Subbalakshmi ameneyu! Diso lake limafotetsa ndi maluwa omwe."

Bambo a ana akuti n'chifukwa choti fani yokoka utsi inali yoyatsa. Mwina. Ine ndinali chiimire ndi chiwaya m'manja, thukuta lili kamukamu, ndikudziwa kuti azakhali aja akuwanamizira. Ndinayesa kudzitsokomoletsa, koma chinatuluka chifuwa chabodza choti ngakhale mwana sangakhulupirire.

"Akka, muli bwino?" anafunsa Yamini, paja ndi mmene amanditchulira ine mkulu wake.

Ndinati ndili bwino. Ndiye ndinaona tsabola wina atatsala m'mbale, ndipo pakamwa panga panathamanga. Ndinanena ngati zocheza, "Amma, nanga ine? Uyu watsalayu."

Amma anaseka. Anandisisita tsaya ndi chikondi chenicheni, ndipo n'chimene chinandipweteka koposa.

"Iwe? Aa, iwe ndiwe wamwayi mwanawe. Angakuchitire nsanje ndani?"

Tsabola uja anamubwezera m'botolo.

Achimwene, ndine mayi wa ana awiri, ndili ndi famase yangayanga, imvi zayamba, koma ndinakalirira m'galimoto chifukwa cha tsabola. Chiyambire, Amma sanandizungulizepo ngakhale kamodzi, ngakhale tsiku la ukwati wanga. Ndinkayesa amangoiwala.

Yamini ananyamuka dzulo, ndipo ndine ndinamuperekeza ku bwalo la ndege. Anandikumbatira mwamphamvu, nandiuza kuti popanda ine sakadafika pamene ali. Mtima unayamba kutsika. Kenako anati, "Akka, zija ananena Amma zija, za 'angakuchitire nsanje ndani', mungandilole ndizilembe? Anthu akafa n'kuseka."

Ndinati lemba.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amma akupereka moni, akuti muziuza anthu kumeneko kuti aziona sewerolo. Yamini wafika bwino, diso lamuchoka. Ine musandidere nkhawa, ndili bwino monga mwa masiku onse. Palibe akundiyang'ana.

Ndine mlongo wanu,
Padmaja