Ndowa yanga ndi nyenyezi za Dokotala Venera

Lolemba, 8 Epulo

Mphepo yochokera kutsidya kwa nyanja yabweretsanso fumbi lofiira. Maofesi ndakolopa kawiri. Kenako ndinakwera makwerero a chimbale chomvera nyenyezi kuti ndikasese. M'kachipinda ka pamwamba muja muli kazenera koyera kamene amati mawu a nyenyezi amalowerapo. Kanali psuu ndi fumbi. Pambali pake analembapo Chingelezi, koma ine sukulu ndinalekeza m'kalasi lachitatu. Ndakapukuta bwinobwino ndi madzi ndi amoniya, monga ndimachitira mawindo onse. Sindinauze munthu.

Lachiwiri, 9 Epulo

Kalanga ine.

Ndikukolopa m'khonde ndinamva Dokotala Venera akukuwa. Mtsikana ameneyu watha zaka zitatu akulozetsa chimbale malo amodzi, kumene akuti nyenyezi zikuluzikulu zikubadwa. Amaitana Saro, wokonza makina. "Saro, thamanga! Madzi awa, akuwala ngati tochi! Amoniya uyu pambali pake!"

Madzi ndi amoniya. Dzulo lomweli. Mopu inandipulumuka.

Adokotala anagula makeke a amondi, ine anandipatsa awiri. Akadali m'thumba la epuloni, sindinawalawe n'komwe.

Lachitatu, 10 Epulo

Ndawauza amuna anga, a Alfio, tikudya. Akuti, "Mkazi iwe, ndowa yako ifike kumwamba? Pamwamba pa kabati pomwe sufikapo!" Anaseka mpaka kutsamwa ndi njere ya azitona. Ndinachedwa dala kuwamenya pamsana. Kukwatiwa zaka makumi atatu, malipiro ake amenewa.

Masana ndinakweranso mozemba. Kazenera kaja ndakatsuka katatu ndi sipiriti kuti amoniya achokeretu.

Lachinayi, 11 Epulo

Apeza mowa.

Adokotala akuti ndi mtundu wa sipiriti, mtambo wathunthu, pafupi ndi madzi aja. Saro akuti, "Ndiye atisamutsire komweko, tizikagwira ntchito ulere." Onse kuseka. Ine ndinakadzitsekera m'chimbudzi.

Loweruka atumiza pepala lawo kumsonkhano waukulu wa ku Roma. Mwana wa eni akaima pamaso pa maprofesa a ndevu n'kumawaonetsa ndowa yanga. Iye akamuseka, ine andichotsa ntchito. Ndani angalembe mzimayi wa zaka zanga amene anaipitsa kumwamba?

Ndinaganiza zopakako viniga, akapeza viniga ndidziwiretu. Nanga akampezadi?

Lachisanu, 12 Epulo

Kolapa kwa wansembe, Bambo Gaetano.

"Bambo, ndathira amoniya kumwamba."

Anafunsa, "Wochuluka bwanji, mwana wanga?"

"Zivindikiro ziwiri. Ndi sipiriti pang'ono."

Akuti m'malamulo khumi mulibemo, koma ndinene Tikuoneni Maria katatu, mwina mwake. Akutinso ndikawauze Adokotala, eni nyenyezizo, chifukwa zimenezo si za ofesi yawo. Ndikutuluka ndinamva akutsokomola modabwitsa. Kapena akudwala?

Loweruka, 13 Epulo

Ndinavala diresi la kumaliro. Makiyi onse ndinawasonkhanitsiratu kuti akandithamangitsa ndisavutike.

Adokotala ndinawapeza okha, khofi wazizira, pepala lili pakompyuta. Ndinaika ndowa patebulo n'kunena zonse, amoniya, sipiriti, mpaka viniga amene sindinapake. Ndimadikira kuti aseka kapena akalipa. Ayi. Nkhope yawo inangoti mbuu.

"Kazenera kake kati, Mayi Nunzia?"

"Kapamwamba, Adokotala. Kolembedwa Chingelezi."

"Analemba kuti musakhudze."

"Ndinaganiza choncho Lachiwiri."

Anakhala pansi. Akuti, "Sizingatheke. Ndikudziwa kuti sizingatheke. Mawu amenewa ananyamuka kumeneko zaka zikwi khumi zapitazo." Anayang'ana ndowa ija. "Komabe tiyeni tione."

Anandikokera mpando. Pakompyuta panali mzere wokhala ndi timinga tosongoka. Akuti kakatali ndi madzi, tatifupi ndi amoniya. Akuti ngati zili pakazenera, ziyenda ndi chimbale kulikonse kumene chingayang'ane. Ngati zili kumwamba, chimbale chikayang'ana kumbali zisowa.

Anadina batani. Kunja chimbale chinalira, chinatembenukira kumbali pang'onopang'ono. Timinga tonse zii, mzere kugona ngati chingwe choyanikira zovala. Anadinanso, chinabwerera. Timinga tija njo!

"Mwaona? Si zanu."

"Mwina kazenerako kauma nthawi yomweyi n'kunyowanso."

Anandiyang'ana. Kenako anandinong'oneza kuti iwonso chiyambire Lachiwiri sakudya, amangoganiza kuti ndi waya wina womasuka. Makeke awo anali m'dirowa. Ndinatulutsa anga.

"Tiyesenso kamodzi, Adokotala."

"Kamodzi kokha. Dinani inuyo."

Kumbali, zii. Kubwerera, njo. Kumbali, zii. Tinafika kasanu ndi kawiri, tikudya makeke ouma.

Ndiye Saro analowa wefuwefu, chipewa chili m'manja. "Amayi inu, alimi ayimitsa mathirakitala pamsewu! Akufunsa kuti chimbalechi chikupukusa mutu ngati bulu, chikukana chiyani?"

Adokotala anadina pakompyuta, pepala linapita. Anapukuta pakamwa. "Kotsiriza, Mayi Nunzia?"

Chala changa chinali kale pabatani.