Ndinachotsa mbale patebulo la apongozi

Aphungu,

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ine ndatsekula. Ndine mnyamata woperekera zakudya pahotela ina yaikulu, ndipo ntchitoyi ndakhalitsa nayo. Mutandipatsa tebulo lopanda kanthu, ndikhoza kuliyala nditatsinzina: mafoloko kumanzere, mipeni kumanja, kasupuni ka zotsekemera kumtunda kwa mbale. Koma zida zimenezi ndimangoyalira ena. Ife timadya choimirira kuseri kwa chitseko cha khitchini, ndi supuni imodzi, khutu lili kwa alendo.

Ndili ndi chibwenzi, namwino wa ana, ndipo tikufuna kumanga banja. Mwezi wathawu bambo ake anapuma pantchito, kampani yawo n'kuwakonzera phwando la chakudya chamadzulo pahotela ina, osati yathu. Mnzangayo anati uwu ndi mwayi woti makolo ake andione koyamba. Ndinatchena suti yakuda, shati yoyera ndi tayi, osadziwa kuti ndavala chimodzimodzi ndi anyamata operekera zakudya pamalopo.

Mavuto anayamba chakudya chisanabwere n'komwe. Nditangokhala pansi ndinaona kuti mpeni wa mayi ake wayalidwa kukamwa kwake kutayang'ana kunja. Dzanja linapita lokha n'kuutembenuza. Kenako ndinawongola galasi la bambo ake. Mnzangayo ananditsina pantchafu, ndinabweza dzanja.

Nkhuku itafika m'pamene ndinadziwa kuti kuyala foloko ndi kudyera foloko ndi sukulu ziwiri zosiyana. Ndikati ndibaye, nthuli inkathawa. Ndikati ndicheke, mpeni unkalira pambale mpaka anthu kutembenuka. Ndili pankhondo imeneyo, thukuta lili kamukamu, foloko ya azakhali ake inagwa pansi. Aphungu, isanasiye n'kulira komwe, ine ndinali nditanyamuka kale kukatenga ina. Pobwerera, bambo wina wa patebulo loyandikana anakweza chala, pakamwa panga n'kungotuluka mawu akuti, "Ndikubwera, bwana!" Ndinawathirira madzi. Akazi awo anapempha zotokosera m'mano, ndinakatenga. Pamene nzeru zinkabwerera, ndinali nditaima kumbuyo kwa apongozi anga a mawa, mbale zawo nditazisanjikiza pamkono, kansalu kopukutira pakamwa kali lende padzanja.

Azakhali aja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koma anyamata a pahotela ino ndi achangu bwanji! Nanga mkamwini uja walowera kuti? Nkhuku yake ikuzizira."

Tebulo lonse linafa nalo phwete. Bambo ake okha sanaseke. Anangoti, "Mwanawe, tula mbalezo ukhale pansi." Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Pobwerera kunyumba mnzangayo analira. Anati, "Ine ndinabweretsa munthu woti adzandikwatire, osati woti adzatichotsere mbale." Tsopano bambo ake andiitana kukadya kunyumba kwawo Loweruka likubwerali, ndipo akuti mayi ake atulutsa kale mbale ndi mipeni ya m'kabati, ija amasungira alendo olemekezeka. Mnzangayo wandichenjeza kuti, "Ukakangodzuka pampando, ine ndi iwe zathera pomwepo." Akufunanso kuti akakandifunsa za ntchito ndikanene kuti ndine manijala, poti makolowo amangodziwa kuti ndimagwira kuhotela.

Mtsikanayu ndimamukonda ndi mtima wonse, ndipo ndikuopa kumutaya chifukwa cha miyendo yosamva. Kodi munthu amakhala bwanji pansi n'kumadya ena akumuperekera? Nanga za umanijalazi ndivomere?

Ndine W.P., wa pahotela ina m'tauni muno.

*

Mwana wanga W.P.,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, chifukwa ulendo woyamba misozi ya kuseka inanditseka m'maso. Undikhululukire. Koma ndikutsimikizire kuti ambiri amene amandilembera za mafoloko sadziwa n'komwe kuti ayambe ndi iti. Iwe mutu uli bwinobwino. Odwala ndi manja ndi miyendo, ndipo mankhwala ake alipo.

Kuyambira lero, usadyenso choimirira. Ukafika kunyumba, dziyalire tebulo monga umayalira mabwana aja, ukhale pansi, udye ndi mpeni ndi foloko. Gula nkhuku, chifukwa ndi imene inakuchititsa manyazi. Foloko igwire kumanzere mano ake atayang'ana pansi, mpeni kumanja, chala cholozera chitagona pamsana pake. Usafumbate ngati ukufuna kubaya wakuba. Baya pafupi ndi pomwe ukufuna kudula, cheka pang'onopang'ono motsatira fupa, kanthuli kamodzi basi, udye, kenako udulenso. Zigongono zikhale pafupi ndi nthiti. Mpeni umalira pambale ukaukakamiza, ndiye usalimbane nawo.

Kuphunzira kudekha n'kofunika kuposa zonsezi, chifukwa anthu a ntchito yanu mumameza ngati basi ikukusiyani. Pa tsikulo usayambe kudya eni nyumba asanayambe, ndipo uziyendera liwiro la apongozi aamuna. Iwo akaika foloko pansi kuti alankhule, nawenso ika. Ukamaliza, goneka mpeni ndi foloko pamodzi pambale monga umaonera alendo ako akuchitira, ndipo mbaleyo uisiye pomwepo. Ndabwereza, uisiye pomwepo.

Suti yakuda ija ipume kaye. Vala shati yamtundu wina uliwonse, ngakhale yobwereka, bola azakhali asakuyesenso woperekera zakudya. Ngati akulola kusankha mpando, khala mofulatira chitseko cha khitchini kuti maso asakuyambitse. Kansalu kopukutira pakamwa malo ake ndi pamiyendo, ndipo manja akayamba kuyabwa uzikagwira komweko. Chinthu chikagwa pansi, usachite ngati belu lalira. Ndipo chonde, ukakaona mpeni wayalidwa mopotoka, utseke maso. Kuhotela unakonza ntchito ya woperekera zakudya mnzako, koma kunyumba kuja udzakhala ukudzudzula apongozi aakazi patebulo lawo lomwe. Mlandu umenewo ngakhale ine sindingakuthandize.

Mayeso aakulu adzafika mayiwo akadzayamba kutolera mbale. Pamenepo miyendo idzakuuza kuti ndi mwano kukhala pansi munthu wamkulu akugwira ntchito. Funsa ndi pakamwa, uli chikhalire, kuti, "Amayi, ndikuthandizeni?" Akakana, nena zikomo, uyamikire chakudya chawo. Akavomera, nyamula mbale ziwiri, imodzi dzanja lililonse, monga amachitira ana a m'nyumba. Zosanjikiza pamkono zija usiyire kuntchito. Koma izi ukambirane ndi mnzakoyo tsikulo lisanafike, kuti asadzaone ngati matenda aja ayambiranso. Kulola kuti akuperekere ndi ulemunso, mwana wanga. Mayi amene watulutsa mbale zake za m'kabati akufuna aone mlendo akudya mokoma, osati akumulanda ntchito.

Tsopano za umanijala. Ayi. Bodza limenelo silingafike ngakhale pa zotsekemera. Bambo amene anakuona utanyamula mbale zawo pamkono, osagwetsa ngakhale fupa limodzi, akudziwa kale ntchito yako. Ndipo taganiza bwino: anakuona pa tsiku lako loipitsitsa, sanakuseke, anakutcha mwana, kenako akuitana kunyumba kwawo. Munthu amene sakukufuna sakuyalira tebulo kachiwiri. Ine sindikuopa bambowo ayi.

Amene akundidetsa nkhawa ndi namwino wakoyo. Kulira kwake ndikukumvetsa, chifukwa palibe mtsikana amene angasangalale azakhali ake akufunafuna mkamwini amene waima pambali pawo. Mupepese kuchokera pansi pa mtima, ndipo umuonetse kuti ukuyesetsa. Umuitane adzadye nawe nkhuku yophunzirira ija, iyeyo akuperekere, iwe uli phee pampando. Mukaseka limodzi, theka la bala lapola. Koma umuuzenso mosabisa kuti Loweruka ukanena zoona, asadzati unamudzidzimutsa. Walira mvula walira matope: akafuna iwe, walandiranso thileyi yako yonyamulira mbale, chifukwa ndi imene idzadyetse ana anu.

Chenjezo langa ndi ili. Apongozi akadzakufunsa za ntchito, meza kaye zomwe zili m'kamwa, ika mpeni ndi foloko pansi, unene momveka kuti, "Bambo, ndine woperekera zakudya pahotela." Ukatero, usathamangire kuwerenga nkhope ya bambowo. Yang'ana mtsikana wako. Akadzakhala mutu uli chilili pambali pako, kwatira, ngakhale nkhuku itadzathawiranso pansi pa tebulo. Koma akadzazolika nkhope, udziwe kuti vuto lanu silinali foloko.

Aphungu