Ada Anatuluka M'tchalitchi, Ine Ndinatsala

Tukombo,
14 Ogasiti 2023

Okondedwa achemwali anga a Rute,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Kasungu kumeneko pamodzi ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti mwera wavuta ndipo usipa ukusowa. Nkhani imene ndakulemberani ndi iyi: anandisankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo dzulo ndalandira udindowo.

Ada, bambo athu, atamva anabwera kwathu Lachisanu. Anakhala pakhonde ndi amuna anga, bambo a Uchizi, ine ndili pomwepo ndikusenda chinangwa.

"Christopher, mkazi wakoyu wakukwera pamutu," anatero ada. "Akakaima kutsogolo kwa amuna, ine m'tchalitchimo ndituluka."

"Mwini wake ndi uyu ali apa, ada. Muuzeni," anayankha bambo a Uchizi.

Ada sanandiyang'ane n'komwe. Mukuwadziwa. Mlendo akawafunsa kuti ali ndi ana angati ankati, "Mmodzi, Timothy. Enawa ndi akazi." Ife tili chogwada ndi madzi osamba m'manja.

Achemwali, sindikubisirani, Loweruka ndinavala kuti ndikakane kwa abusa. Ndine mayi wa ana atatu, ku loji ya ku Kande ndimayang'anira anzanga okonza zipinda, koma mwamuna aliyense akakweza mawu mawondo anga amafuna pansi. Ndimapepesa ngakhale wandiponda ndi iyeyo. Bambo a Uchizi sanandikalipirepo, koma mpaka lero nsomba yabwino ndikaiika m'mbale yanga imandikanika kumeza.

Ndikutuluka, mwana wanga wamkazi Uchizi anandiimitsa pakhomo. Anati akamaliza Folomu 4 akufuna kukaphunzira kukonza mainjini a maboti. Ndinamuyankha kuti, "Zimenezo si za akazi." Mwanayo anangozyolika n'kuchoka. Mawu aja anali a ada, ngakhale katchulidwe kake, koma anatuluka pakamwa panga. Ndinabwerera m'nyumba n'kuvula nsapato. Kwa abusa sindinapite.

Dzulo tchalitchi chinadzaza. Atanditchula dzina ndinapita kutsogolo, ndipo ada anaimirira monga ananenera. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, ndodo ikugogoda pasimenti kuti aliyense amve. Abusa anandifunsa ngati ndikuvomera udindo. Ndinayankha, koma mawu anathera m'mano.

"Mayi, sitinamve," anatero abusa.

Ndinabwereza kuti, "Inde, ndikuvomera," ndipo ulendo uno anamva ngakhale a kumbuyo. Ada anaima kaye pakhomo, kenako anatuluka. Anthu onse anatembenukira kwa ama, mayi athu, poti kulikonse ada akanyamuka, ama amatsatira. Ama anakonza duku lawo n'kukhala phee. Titaweruka anabwera kwathu, tinadya kondowole, nsima yachinangwa, limodzi. Nditawafunsa kuti nanga ada adya chiyani, anati, "Ali ndi mwana. Awaphikire."

Ada atumiza mawu kuti ndisapondenso pakhomo pawo. Zandipweteka, sindinama, koma sindikapepesa. Amene ndamupepesa ndi Uchizi, ndipo za mainjini zija tayamba kufunsa ku Chintheche.

Tsopano za inu. Thandiwe, mnzathu uja amagulitsa nsomba ku Kasungu, wandiuza za mkono wanu. Munamuuza kuti munagwa pamjigo. Chaka chatha linali diso, munati ndi chitseko. Ndikudziwa chimene mukukhalira. Munathawirapo kuno, ada anakukwezani basi tsiku lomwelo, amvekere pakhomo pawo palibe malo a mkazi wothawa banja. Kuyambira pamenepo simunadandaulenso.

Pakhomo pawo palibedi malo, koma panga alipo. Chipinda chosungira makoka chija tachotsamo zonse, ndachizira, ndipo bambo a Uchizi aika chitseko chatsopano. Sitinapemphe chilolezo kwa munthu. Kalatayi ndapatsira Thandiwe kuti akupatseni m'manja, popeza foni yanu amayankha ndi alamu. Iye abwerera kuno Lachinayi. Mukafuna, kwerani naye, ana muwatenge. Mukaona kuti simunakonzeke, sindikukakamizani, chipindacho sindiikamo munthu wina.

Landirani moni kuchokera kwa ama, amene akuti akusungirani chitenje cha chigwirizano cha amayi a mpingo. Bambo a Uchizi ndi ana onse akupereka moni. Mundipatsire moni ana anu Dumisani ndi Gloria, muwauze kuti nyanja ikuwadikira. Alamu moni wanga musawapatse.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Violet