Azakhali Amene Sindinkawadziwa

Lolemba, 5 Juni 2023

Anandituma ndani? Pa mkumano wa banja chaka chatha ndinangokweza mkono: "Mbiri ya banja lathu la Stallworth ndifufuza ine." Pano mkumano wa Julayi wayandikira, achimwene a Royce aimba kale, akufuna mayina a makolo kuti akasindikize pa malaya. Ndaswera ku laibulale, maso pa kompyuta, kuwerenga kalembera wakale wa boma. Kalembedwe kake ngati nyerere zagwera mu inki. Mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 6 Juni

Mahala, agogo awo a Ababa. Mu 1900 ndi Mahaley, zaka 44. Mu 1880 ndi Haley, zaka 19. Munthu mmodzi kapena awiri? Mapepala a 1890 anapsa ndi moto, atero Mayi Purifoy a pa laibulale, akumwetulira ngati ndi nkhani yabwino.

Ndabwerera mpaka 1870, njira yathera pomwepo. Mu 1860 anthu athu anali akapolo, alibe mayina. Pansi pa dzina la mzungu mwini munda angolemba: wamkazi, zaka 4, wakuda. Alipo angapo otero. Ndiloze uti? Ndinatuluka n'kukakhala m'galimoto osaliza.

Lachinayi, 8 Juni

Ndati ndisiye zaukapolo, ndiyambe zosavuta. 1950, nyumba ya agogo a Ezell. Ezell, mkazi wake Ola, Cleophus zaka 8. Ababa amenewo! Ndinamwetulira ndekha. Pansi pawo: Lottie, mwana wamkazi, zaka 6.

Lottie ndani? Ababa amati anabadwa okha.

Loweruka, 10 Juni

Ndinawatengera Ababa mlamba wokazinga ndi therere, tinakhala pakhonde.

"Ababa, Lottie ndani?"

Anapitiriza kuchotsa minga. "Azungu olembawo ankalemba zilizonse. Mwina wa nyumba ina."

"Alemba kuti mwana wa agogo."

"Ndati sindikudziwa. Therereli wachulutsa mchere."

Basi, analowa kukakweza wailesi. Nditawauza a Royce, akuti: "Verlene, ine ndikufuna mayina a pa malaya, osati mizukwa." Zikomo kwambiri, achimwene.

Lamulungu, 11 Juni

Titatuluka m'tchalitchi ndinafunsa Mayi Essie Crosby, amene anakulira limodzi ndi Ababa. Anandikokera kuseri kwa galimoto.

"Mwana iwe, dzina limenelo walitola kuti?"

Akuti Lottie anatenga mimba ali mtsikana wa sukulu. Agogo a Ezell, dikoni wamkulu, anamukweza basi ya ku Mobile n'kulamula kuti dzina lake lisamvekenso pakhomo. Amene ananyamula chikwama mpaka pa basi ndi Ababa.

"Ali moyo. Amapemphera ku Prichard, kufupi ndi Mobile. Usatchule ine."

Ali moyo! Ine kufukula anthu a 1860, azakhali anga enieni ali pafupi pomwepa, ulendo woti upita n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndakwiya, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Lachitatu, 14 Juni

Nambala ndaipeza kwa mlembi wa tchalitchi chawo. Ndinawaimbira a Lottie.

"Ndine Verlene, mwana wa a Cleophus."



"Cleophus wamwalira?"

"Ayi azakhali, ali bwino."

"Ndiye kuti pakamwa ali napo."

Anadula. Onse awiri mitu youma ngati miyala. Ndatopa nawo.

Lachinayi, 15 Juni

A Royce atumiza mayina kosindikiza osandifunsa. Lottie palibe. Takalipirana mpaka foni kutentha.

Lachisanu, 16 Juni

Ndinapita kukawasiyira Ababa mankhwala awo. Ndinali nditalumbira kuti sindinena kanthu. Koma pakamwa pangapa!

"Ndalankhula nawo. Afunsa ngati munamwalira."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Watero?"

"Eya."

"Mawu ake akumveka bwanji?"

"Ngati anu. Amwano."

Anaseka pang'ono, kenako kusekako kunasanduka china. Sindinawaonepo chonchi, ngakhale pa maliro a Amayi.

"Pa basi paja ndinamuuza kuti ndidzamutsatira, ndidzamutenga. Ndinaopa bambo. Bambo atamwalira ndinayamba kuopa iye."

Anadzuka n'kulowa kuchipinda. Ndinkati akagona. Anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, chipewa m'manja, mabatani atamanga mosemphanitsa.

"Ababa, sanatiitanetu. Akhoza kutitsekera chitseko."

"Atseke. Ndiima panja. Mafuta alimo m'galimoto yakoyo?"

Munalibe. Ndikulemba izi pamalo omwetsera mafuta. Ababa alowa m'sitolo, akuti sangafike chimanjamanja. Ndikuwaona pawindo, aima pa shelefu ya maswiti, akunyamula ichi, kubweza, kunyamula icho. Sakudziwa chimene mlongo wawo amakonda.

Atenga zonse ziwiri. Akubwera.