Tizigoba Tofiira ta Mayi Luika Paikuli

Kwa banja la a Paikuli ku Kekaha ndi ku chilumba cha Niʻihau, ndi kwa onse olira nafe:

Ine Kepano Makaiwi, amene ndinachoka kumudzi kwathu ku Puʻuwai wopanda nsapato, n'kugulitsa mikanda ya zigoba kuyambira ku Tokyo mpaka ku Paris, ndipo sindinathawepo ngongole ya munthu, ndikulemba m'malo mwa Bungwe la Otunga Mikanda ya Zigoba kuti tadzidzimuka ndi kusweka mtima ndi imfa ya Mayi Luika Paikuli. Ndinenenso poyera kuti andikwiyitsa, pakuti apita osandidikira.

Mayi Paikuli anatumikira ntchitoyi kuyambira utsikana wawo. Mafunde a nyengo yozizira akalavula zigoba, iwo ankagona chafufumimba pamchenga kutola kahelelani, tizigoba tochepa kuposa njere ya mpunga, kenaka n'kutisankha mitundu, kutichotsa mchenga ndi kutiboola osaswa. Anaphunzitsa theka la mamembala athu, ndipo onsewo anawaliza, chifukwa kachigoba kamodzi kakapenya kumbali ankamasulitsa mkanda wonse.

Pamene ndinkayamba malonda anandikongoza botolo lodzaza ndi tizigoba tofiira, tosowa kuposa tonse. Nditalemera ndinabwera ndi ndalama, iwo anandikaniza pakhomo.

"Dola ndiiboola pati, mwanawe? Bweza zimene unatenga. Utole wekha, mimbayo iphweko."

Ndinawauza kuti ndimadya ndi eni mahotela, mayiwo anati eni mahotelawo nawonso abwere adzatole. Choncho nyengo yozizira iliyonse ine, wapampando wa bungwe, ndakhala ndikukwawa pagombe ngati kamba, magalasi pamphuno, alendo akundijambula. Botolo linali pafupi kudzaza pamene uthenga wa maliro unandipeza.

Asiya mkanda wa ukwati wa mdzukulu wawo Hiʻilei uli wosatha, chifukwa tofiira tinawathera. Tsono ndamva kuti inu a Iokua, mwana wawo woyamba, mwati mukagula zigoba zopaka utoto kusitolo ya alendo, poti pachithunzi palibe adzazindikire. A Iokua, ndi ulemu wonse woyenera wofedwa, musayerekeze. Utotowo udzasungunuka ndi thukuta pakhosi pa mkwatibwi, ndipo Kekaha yense adzati ndi ntchito ya mayi anu.

M'malo mwa mamembala onse, tikupepesa kwambiri, ndipo tikupempha Mulungu akulimbitseni mitima m'masiku ovutawa. Amayi atatu amene malemuwa anawaphunzitsa adzipereka kumaliza mkandawo, ndipo akutunga mwamantha ngati mwini wake akadali kumbuyo kwawo.

Zigoba musadandaule nazo. Dzulo ndinatula botolo m'manja mwa Hiʻilei, ndipo iye, pokhala magazi a agogo ake, anakhuthulira patebulo n'kutaya tosweka ndili pomwepo. Totsala ndi tofiira zikwi zinayi, tonse totola ndi zala zangazi. Azakhali Luika, ngongole yanu ija ndabweza ndi imeneyo. Mimba sinaphwe.

Kepano Makaiwi
Wapampando