Timadontho Toyera ta M'mutu Mwanga

Amayi okondedwa,

Landirani moni wanga. Kaya miyendo ija yasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, ndipo mawu amenewa muwawerenge kawiri, chifukwa ndamva kuti kumeneko mwayamba kale kundilira.

Achimwene andiuza pafoni kuti chithunzi cha kuchipatala cha m'mutu mwanga chomwe ndidawatumizira chayenda khomo ndi khomo mpaka chafika kwa alamu anga, achemwali awo a malemu amuna anga. Akuti alamuwo ataona timadontho toyera pachithunzipo anena kuti ubongo wanga ukusanduka mwala, posachedwa ndipenga, ndiye Loweruka akubwera kudzatenga mdzukulu wanu. Ha! Udokotalawo adauphunzira liti, anthu oti ngakhale kalasi ya mwanayo saidziwa?

Imvani zomwe adandiuza adokotala enieni. Mutu umandipweteka chifukwa cha timaphanga ta mpweya tomwe tili kuseri kwa mphuno, m'masaya ndi pamphumi. Tatupa, mamina atsekeredwa m'menemo, n'chifukwa chake ndikawerama kuti nditulutse buledi mu uvuni nkhope imalemera ngati ithothoka. Fumbi la ufa wa kuntchito ndi lomwe likukolezera. Andipatsa mapiritsi ndi mankhwala opopera m'mphuno, ndipo tsopano ndimakanda ufa nditavala chotseka mphuno ndi pakamwa. Anzanga akuti ndasanduka namwino wa mabanzi.

Za timadonthoto ndidawafunsa adokotalawo mosapita m'mbali ngati ndikufa. Adatembenuza kompyuta n'kundilozera ndi cholembera, nati ndi kashiamu, mchere womwe umalimbitsa mafupa, waunjikana pang'ono ngati zoyera zija zimamatirira pansi pa ketulo. Akuti pamalo pomwe timadonthoti tili, anthu ambiri ali nato osadziwa, amakalamba nato, ndipo si timeneti tikundipweteka mutu. Andiyeza magazi kuti atsimikize, ndidzapitanso kukaonedwa. Chikapezeka china mudzachimva kwa ine, osati kwa anthu a mumsewu.

Pempho langa ndi limodzi: mwanayo musamumangire katundu. Mtima wanu ndimaudziwa, mlendo akangokweza mawu mumagwetsa nkhope n'kuvomera. Ulendo uno ayi, amayi! Bambo ake ali gone alamuwo sadabwere ngakhale ndi kachidutswa ka sopo. Lero aone chithunzi pafoni yosweka galasi, basi akumbuke kuti ali ndi mwana? Zandikwiyitsa kwambiri. Ine ndi mutu womwewu ndimalawirira ku uvuni kuti mwana ameneyu azipita kusukulu atavala nsapato.

Ndapempha tchuthi kwa abwana, Lachisanu madzulo ndili pakhomo. Alamuwo musawaletse, abwere ndithu, ndipo muwapatse mpando wabwino uja. Adzandipeza pakhonde ndikuluka mwana wanga tsitsi, adzandiuze pamaso kuti ndapenga.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali. Achimwene afufute chithunzicho lero lomwe. Mdzukulu wanu mumuuze amasule tsitsi Lachinayi, chipeso ndibwera nacho.

Ndine mwana wanu wamoyo,
Chitsiriza wanu